Thanki ya galimoto nayo imapuma, koma kudzera m'makala

M'chaka cha 2011 kampani ya Mazda idaitanitsa magalimoto pafupifupi 65,000 a mtundu wa Mazda6 omwe idagulitsa ku America, Canada ndi Mexico kuti abwerere kumagalaja akakonzedwe. Mabuleki analibe vuto, chiwongolero chinali bwinobwino, injini nayo inkalira monga mwa masiku onse. Wopalamula anali kangaude. Kakangaude kena kachikasu kankakwawira m'kapaipi kodutsa mpweya wa kuthanki ya petulo, n'kuluka ukonde wake m'menemo. Kapaipiko kakatsekeka, thanki inkakokekera mkati mopyola muyezo mpaka kuyamba ming'alu, ndipo mng'alu pa thanki ya petulo ndiye chiyambi cha moto. Mu 2014 kangaude yemweyo adabwezetsanso magalimoto ena 42,000.

Anthu adaseka, poti n'zoseketsadi kuti kachilombo kosaposa chikhadabo kaimitse mitu akatswiri a Mazda. Komabe nkhaniyi idaika poyera chinthu chomwe ambiri oyendetsa galimoto sachiganizira: thanki ya petulo imapuma. Imakoka mpweya, imatulutsanso, usana ndi usiku, galimoto ikuyenda kapena itaima. Ndipo pansi pa galimoto iliyonse ya petulo yamakono pali timapaipi, timavalavu ndi kabokosi kodzaza makala zomwe ntchito yake ndi imodzi: thanki ipume, koma petulo asathawe.

Chimene chimaipumitsa

Poyamba ndi injini. Pampu ikamakoka petulo kupita kuinjini, malo amene mafutawo achoka amafunika kulowamo mpweya. Amene adamwapo thobwa m'botolo la pulasitiki osachotsa pakamwa amadziwa zomwe zimachitika: botolo limafinyika, thobwalo n'kusiya kutuluka. Thanki yosalowa mpweya imachitanso chimodzimodzi. Pampu imalimbana ndi kukoka, injini imayamba kutsamwa, kenako galimoto imazima pakati pa msewu mafuta alimo. Mukatsegula chitsekerero mumamva mpweya ukulowa mwamphamvu, mukaliza injini ikulira, mukayenda makilomita angapo yazimanso.

Chachiwiri ndi kutentha, ndipo apa m'pomwe pagona nkhani. Petulo si chinthu chimodzi. Ndi msakanizo wa mankhwala mazanamazana ochokera ku mafuta a pansi, ena olemera, ena opepuka kwambiri. Butane, yemwe amapezeka pang'ono m'petulo, amawira pa digiri 0. Isopentane amawira pa madigiri 28, pentane pa 36. Opanga mafuta amasiyamo dala zopepukazi chifukwa ndi zomwe zimathandiza injini kulira msanga m'mawa kukuzizira. Koma dzuwa likakwera, zomwezo zimasanduka nthunzi n'kudzaza pamwamba pa thanki, kufuna potulukira. Madzi a petulowo nawo amafufuma: malita 50 akatentha ndi madigiri 10 amawonjezeka ndi pafupifupi theka la lita. Usiku kukazizira zonse zimabwerera mwakale, thanki n'kukokanso mpweya wa kunja. Ndiye kuti galimoto yongokhala pabwalo, yosayenda sabata yonse, imapumabe kamodzi tsiku lililonse.

Chachitatu ndi pomwetsa. Lita iliyonse yolowa imakankha lita ya mpweya wodzaza nthunzi ya petulo. Bungwe loona za chilengedwe ku America la EPA lidawerengera kuti popanda chotchinga, nthunzi yoposa galamu imodzi imathawa pa lita iliyonse yothiridwa. Pa malita 40 ndiye kuti magalamu pafupifupi 50 apita mumlengalenga. Ndilo fungo limakulandirani pamalo omwetsera mafuta lija.

Magalimoto akale vutoli ankalithetsa mwachidule: kabowo pachitsekerero basi. Mpweya ulowe, nthunzi ituluke, aliyense azipita. Kabureta nayo inali ndi kambale kake ka petulo komwe kankauma ndi kutentha kwa injini munthu akangozimitsa galimoto. Palibe ankadandaula, poti mafuta anali otchipa ndipo mlengalenga unkaoneka waukulu.

Utsi wa ku Los Angeles

Amene adayamba kudandaula ndi anthu a mumzinda wa Los Angeles. Mu Julaye 1943 mzindawu udakutidwa ndi chiutsi choyabwa m'maso ndi kukhosi, moti ena adaganiza kuti adani pankhondo aponya mpweya wa poizoni. Akuluakulu adaloza chala fakitale ina ya mankhwala opangira labala n'kuitseka, koma chiutsicho chidapitirira chaka ndi chaka.

Yemwe adapeza gwero lake ndi Arie Haagen-Smit, katswiri wa za mankhwala wochokera ku Netherlands amene ankaphunzitsa pa sukulu ya ukachenjede ya Caltech. Ntchito yake yeniyeni inali kufufuza zomwe zimanunkhiritsa zipatso monga chinanazi. Luso lomwelo lotapa fungo mumpweya adaligwiritsa ntchito pa chiutsi chija, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 adaonetsa kuti nthunzi ya mafuta ikakumana ndi mpweya wina wotuluka kuekizozi, dzuwa n'kuwomba, pamabadwa ozone ndi zina zopsereza mapapo ndi masamba a mbewu. Makampani a mafuta ndi a magalimoto adamutsutsa kwa zaka zingapo, koma ofufuza ena atabwereza zomwe iye adachita adapeza zomwezo. Mu 1968 adakhala wapampando woyamba wa California Air Resources Board, bungwe lomwe malamulo ake adatsogolera dziko lonse la America pa nkhani za utsi wa magalimoto.

Atayeza bwino adapeza kuti pa mafuta osapsa omwe galimoto ya nthawi imeneyo inkataya mumpweya, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu silinkadutsa n'komwe kuekizozi. Linkangouluka kuchokera kuthanki ndi kukabureta. Choncho California idalamula kuti magalimoto atsopano a 1970 akhale ndi zotchingira nthunziyi, ndipo dziko lonse la America lidatsatira ndi magalimoto a 1971. Japan ndi maiko a ku Ulaya adabwera pambuyo. Kabowo ka pachitsekerero kadatsekedwa, ndipo mpweya wa thanki udapatsidwa njira ina.

Kabokosi ka makala

Njirayo imayambira pamwamba penipeni pa thanki. Pamenepo pali valavu yokhala ndi kanthu koyandama. Petulo akakwera kwambiri, kapena galimoto ikagubuduzika pangozi, kanthuko kamatseka khomo kuti madzi a petulo asatuluke. Kodutsa ndi nthunzi yokha. Thanki nayo amaipanga mwadala kuti ikadzaza pazitsala malo opanda mafuta, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, oti petulo azifufumirako.

Kuchoka apo kapaipi kamapita ku kabokosi kakuda ka pulasitiki komwe amakaniko amakatchula kuti canister. M'magalimoto akale kamakhala m'boneti pafupi ndi injini, kooneka ngati chitini. M'magalimoto atsopano kamabisala pansi, kufupi ndi thanki. Mkati mwake muli makala, koma osati ophikira nsima. Awa amapangidwa kuchokera ku utuchi wa mitengo kapena zikamba za kokonati, n'kuwotchedwa mwaukadaulo mpaka kachidutswa kalikonse kadzaze timabowo tosaoneka ndi maso. Mukanati muyale makoma a timabowo ta m'galamu imodzi yokha, akanakuta malo oposa masikweya mita 1,000. Nthunzi ya petulo ikamadutsa imakakamira m'makomawo, ndipo mbali ina ya kabokosi kumatuluka mpweya wopanda mafuta. Usiku thanki ikamakoka mpweya, umalowera khomo lomwelo, kudutsa m'kasefa kotchinga fumbi.

Makala ali ndi malire. Akakhuta salandiranso, ndipo nthunzi imangodutsa. Nzeru yeniyeni ya makinawa ili pa kuwakhuthula. Pali kapaipi kena kochokera ku kabokosi kupita komwe injini imakokera mpweya, ndipo pakati pake pali valavu yamagetsi yotchedwa purge valve. Injini ikazima, kapena ikadali yozizira, valavuyi imakhala yotseka. Injini ikatentha, galimoto ikuyenda, kompyuta imayamba kuitsegula ndi kuitseka mofulumira, kangapo pa sekondi. Ndiko kaphokoso ka "tiki-tiki-tiki" komwe ena amakamva m'boneti n'kuyesa kuti china chawonongeka. Injini imakoka mpweya wa kunja kudzera m'makala, mpweyawo umatsuka nthunzi yomwe idakakamira ija, ndipo zonse zimakapsera mu injini. Sensa ya kuekizozi imauza kompyuta kuti mafuta achuluka, kompyuta n'kuchepetsako omwe akuchokera kuthanki. Petulo amene akadauluka masana mutaimika galimoto ndi yemwe amakuyendetsani madzulo popita kunyumba.

Chitsekerero nacho si chivundikiro wamba. Chili ndi labala wotseka mpweya komanso kavalavu kachitetezo komwe kamatseguka pokhapokha mpweya ukapanikizana kapena kukokana mopitirira. N'chifukwa chake kaphokoso kakafupi ka "psii" potsegula masana otentha si kodetsa nkhawa m'magalimoto ambiri. Chodetsa nkhawa ndi mpweya wotuluka kwa nthawi yaitali ndi fungo lamphamvu, kapena wolowa ngati thanki ikumeza.

Mathanki ambiri a lero ndi a pulasitiki, ndipo petulo amatha kulowerera m'pulasitiki wamba pang'onopang'ono n'kutulukira kunja ngakhale palibe bowo. Opanga amayala pulasitikiyo m'magawo angapo, kawirikawiri asanu ndi limodzi, pakati n'kuikapo gawo lopyapyala la mtundu wina lomwe mafuta sadutsa. Mapaipi a mafuta nawonso amapangidwa motero, ndipo apa m'pomwe kapaipi kamadzi kogula pamsika sikangalowe m'malo mwa keniyeni ngakhale kakukwana bwino.

Mmene amayesera

Galimoto yatsopano isanaloledwe kugulitsidwa, amaitsekera m'chipinda chosalowa mpweya chomwe amachitchula mwachidule kuti SHED. Amaiika m'menemo injini itangozima, ikadali yotentha, kenako amakweza ndi kutsitsa kutentha kwa chipindacho motsanzira usana ndi usiku, n'kumayeza mafuta omwe afika mumpweya. Ku Ulaya malire adaikidwa pa magalamu 2, ndipo kuyambira 2019 mayesowa amatenga maola 48 m'malo mwa 24. Ku America malamulo atsopano amalola magalamu 0.3 okha pa galimoto yaing'ono, mlingo wochepa kwambiri moti fungo la matayala atsopano ndi la pulasitiki wa m'kati limawerengedwa nawo.

Aamerika sadalekere pomwepo. Kuyambira 1996, pomwe malamulo a OBD-II adayamba, kompyuta ya galimoto idapatsidwa udindo wodziyeza yokha. Imatseka khomo la mpweya wa kunja, imakoka mpweya pang'ono m'thanki, ndipo sensa imaona ngati kukokako kukukhalitsa. Poyamba inkayenera kuzindikira bowo la milimita imodzi, kenako theka la milimita. Ikapeza vuto imayatsa kagetsi ka check engine n'kusunga nambala: P0455 ndi bowo lalikulu, kawirikawiri chitsekerero chosamanga bwino, P0442 ndi P0456 ndi timabowo ting'onoting'ono, P0441 ndiye kuti kukhuthula makala sikukuyenda moyenera, P0446 ndi vuto la kukhomo la mpweya. Magalimoto ena a Toyota opangidwira msika umenewo amadziyeza patatha maola pafupifupi asanu injini itazima, ndipo buku la mwini galimoto limachenjezeratu kuti mukamva kulira pansi pa galimoto usiku musadabwe.

Pa nthunzi ya pomwetsa, maiko adagawanika. Ku Ulaya adasankha kuti mpope wa pamalo omwetsera uziyamwa nthunziyo kubwerera kuthanki ya pansi pa nthaka. Ku America adayamba motero, koma kuyambira 1998 adalamula kuti galimoto izigwira yokha nthunzi yake: khosi la thanki amalipanga lopapatiza kuti petulo wolowa atseke njira, ndipo nthunzi yonse ikankhidwire ku kabokosi ka makala kokulirapo. Pofika 2012 EPA idaona kuti magalimoto ambiri ali nazo kale, n'kulola kuti zoyamwa za pampope zichotsedwe. China nayo idatengera njira imeneyi m'malamulo ake a China 6.

Magalimoto a hybrid, makamaka otchaja kumagetsi, adabweretsa mutu wina. Injini yake imatha kukhala masiku osalira, ndiye palibe chokhuthula makala. Ambiri mwa iwo ali ndi thanki yolimba yotsekeratu, yomwe imasunga nthunzi mkati. Mukafuna kumwetsa mumadina batani n'kudikira masekondi angapo kuti mpweya utsike kaye, kenako kachitseko kamatseguka. Woikanula ndi sikuludiraiva chifukwa chothamangira mzere amawononga zambiri.

Za dizilo n'zachidule. Dizilo sauluka msanga, safika poti n'kuyaka mpaka atatentha kupitirira madigiri 50, pomwe petulo amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale pa madigiri 40 pansi pa ziro. Choncho galimoto ya dizilo ilibe kabokosi ka makala, ili ndi kavalavu kopumira basi. Nako kakatsekeka ndi matope, lole imazima chimodzimodzi.

Zikafika kwathu kuno

Magalimoto ambiri a m'misewu yathu, ma Vitz, Sienta, Passo, Probox ndi anzawo, adabwera ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan. Ali ndi kabokosi ka makala ndi valavu yake, koma sadapangidwire msika wa ku America, ndiye musadalire kuti kagetsi kadzakuuzani za kabowo kalikonse. Mphuno ndi khutu la mwini ndizo zimayamba kuzindikira. Ndipo pali zinthu zingapo kuno zomwe zimalemetsa makinawa kuposa kumene adachokera.

Kutentha ndi chimodzi. Ku Chikwawa ndi Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala, kumafika madigiri 40 ndi kupitirira, ndiye kuti zopepuka za m'petulo zija zadutsa kale powirira. Galimoto yoimikidwa padzuwa ku Nchalo masiku angapo osayenda imakhutitsa makala ake, fungo n'kuyamba kumveka ngakhale palibe chowonongeka. Kuimika pamthunzi kumapulumutsa mafuta, osati mipando yokha.

China ndi ethanol. Malawi ndi limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kusakaniza ethanol m'petulo. Fakitale ya Ethco ku Dwangwa idayamba mu 1982, ya PressCane ku Chikwawa mu 2004, zonse zikugwiritsa ntchito zotsalira popanga shuga. Ndi chinthu chabwino ku dziko losowa ndalama zakunja, koma chili ndi khalidwe lake lodabwitsa. Ethanol payekha sauluka msanga ngati petulo, komabe akasakanizidwa pang'ono, monga magawo 10 pa 100 alionse, msakanizowo umauluka kwambiri kuposa petulo wopanda kanthu. Amalowereranso mosavuta m'labala ndi m'pulasitiki, ndipo amakoka chinyontho cha mumpweya. Apa ndiye ganizirani galimoto yomwe chitsekerero chidatayika, mwini n'kutsekapo ndi sanza kapena jumbo. Nthunzi ikutuluka tsiku lonse, fumbi ndi chinyontho zikulowa. Madzi akachuluka m'thanki, ethanol amalekana ndi petulo n'kukhala pansi limodzi ndi madziwo, pomwe pampu imakokera.

Fumbi ndi matope a misewu yathu yakumudzi zimatseka kasefa ka khomo la mpweya, ndipo mavu omanga ndi dothi nawo amakonda timabowo totere. M'magalimoto ena chizindikiro chake n'chakuti pomwetsa mpope umangodula pafupipafupi thanki isanadzaze. Wothira mafuta amaoneka ngati sadziwa ntchito, chonsecho vuto lili pansi pa galimoto yanu: mpweya ukusowa kothawira, petulo akubwerera kukhosi, mpope n'kuyesa kuti thanki yadzaza.

Koma chomwe chimapha makinawa kwambiri ndi chizolowezi chathu. Mafuta akasowa, munthu wagona pamzere, akafika pampope safuna kusiya malo ngakhale a kapu imodzi. Mpope ukadula amati "onjezani", ukadulanso amati "pang'ono", ena mpaka kugwedeza galimoto kuti mafuta atsike, kapena kukweza tayala limodzi pamwala. Mtima umenewu ndi womveka, palibe angaunyoze. Koma malita awiri kapena atatu owonjezerawo amalowa m'malo aja adasiyidwira kufufuma. Petulo wochokera pansi pa nthaka amakhala wozizira. Akatenthedwa ndi dzuwa ndi msewu amakwera, ndipo akapeza mpata amatsikira m'kapaipi ka nthunzi mpaka m'makala. Makala adapangidwira nthunzi, osati madzi. Akanyowa amasiya kugwira, ena amafumbutuka, tizidutswa take n'kuyenda m'mapaipi kukatsekereza valavu. Valavu ikakanirira yotsegula, nthunzi yambiri imathira mu injini, ndipo galimoto imavuta kulira mukangochoka pampope kapena imanjenjemera ikaima. Pamenepo ambiri amanena kuti awathirira mafuta oipa, n'kuyamba kusintha mapulagi ndi pampu zomwe zinalibe mlandu.

Kugalaja nako kuli mchitidwe womwe ndimautsutsa kotheratu. Makaniko akaona kabokosi kakuda komwe sakudziwa ntchito yake, amati n'za azungu izi, amadula kapaipi, mbali ina n'kutsekapo ndi bawuti. Akatseka mbali ya thanki, apanga dala zomwe kangaude adachita ku Mazda. Akaisiya yotsegula, nthunzi imatulukira m'boneti kapena pansi pa mipando, pafupi ndi ekizozi yotentha ndi mawaya. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya katatu kapena kanayi. Siikwera kumwamba, imayenda pansi n'kudikha m'maenje ndi m'magalaja otseka. Imayaka ikakhala pakati pa magawo 1.4 ndi 7.6 pa 100 alionse a mpweya. M'thanki yotseka bwino nthunzi imachuluka kupitirira mlingo umenewu, n'chifukwa chake pampu yamagetsi imakhala m'kati momwemo osayatsa moto. Thanki yoopsa ndi yomwe yakhuthulidwa n'kulowa mpweya, ija owotcherera amati ilibe kanthu.

Palinso za thanzi. M'petulo muli benzene, yemwe bungwe la IARC la pansi pa World Health Organization lidamuika m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'magazi. Ku Ulaya saloledwa kupitirira gawo limodzi pa 100 alionse a petulo. Wopuma kwambiri nthunziyi si mwini galimoto, amene amaima pampope mphindi zochepa. Ndi mnyamata kapena mtsikana wothira mafuta tsiku lonse, ndi kondakitala ndi apaulendo a m'minibasi ija imayendera chigubu choikidwa pansi pa mpando, ndi ana ogona m'chipinda choyandikana ndi galaja.

Kukonza kwake nthawi zambiri sikudula ngati mmene anthu amaopera. Yambani ndi chitsekerero: labala wake akang'ambika kapena kuuma, gulani china chogwirizana ndi galimotoyo, osati chilichonse chokwana pakamwa, ndipo pomanga muzimva kulira kwake. Valavu yokhuthulira makala makaniko angathe kuichotsa n'kuona ngati ikutseka ikakhala yopanda magetsi. Kasefa ka mpweya kamatsukika kapena kusinthidwa. Magalaja okhala ndi makina opopera utsi m'mapaipi amapeza bowo m'mphindi zochepa, poti utsiwo umaonekera pomwe pakudontha. Kabokosi komwe kamwa petulo ndiko kamafuna kugula kena, ndipo pa zonsezi ndiko kokwera mtengo.

Choncho mpope ukadula koyamba, auzeni othira mafuta alekere pomwepo, ndipo makaniko akatenga mpeni kuti adule kapaipi kopita ku kabokosi kakuda kaja, mukanizeni.